Khobidi la Wogula

Kwathu kuno ku Tacuba mukafunsa za Eleuterio Barragán anthu akuyang'anani ngati mwasochera, koma mukangoti Don Teyo wa merenge, ngakhale chidakwa cha pakona chidzadzuka n'kukulozerani njira. Zaka makumi anayi ndi ziwiri bambowa akhala akupondaponda misewu yathu, thireyi ili paphewa, timiyendo take topinda tili m'khwapa, akufuula kuti "Merengeee!" ndi mawu ngati a mbuzi yoiwalika pachingwe. Merenge wawo ndi uja wa choyera cha dzira ndi shuga, wofiirira pamwamba, wopepuka moti ukamuika m'kamwa umadabwa kuti ndalama yako yalowera kuti.

Koma merenge payekha sakanawatchukitsa. Chinawatchukitsa ndi kuponya. Wogulitsa merenge weniweni sangokupatsa n'kulandira ndalama ngati wa m'golosale, ayi. Amayamba wakufunsa kuti, "Tiponye?" Ukavomera umatulutsa khobidi lako, umaliponya m'mwamba, iye n'kutchula lisanagwe mbali imene ioneke pamwamba: ya mbalame ya mphungu kapena ya dzuwa. Akaphonya, wadya ulere. Akalasa, ulipira kawiri. Ana asukulu, amakaniko, ngakhale azimayi ochokera ku Misa omwe amati juga ndi tchimo, onse anaponyapo ndi Don Teyo, ndipo zaka zonsezi palibe ndi mmodzi yemwe amene ananenapo kuti anaberedwa. Munthuyu nyumba ndi ya lendi, galimoto alibe, mano atsala owerengeka, koma dzina anali nalo. Dzinalo ndi limene linalowa m'madzi chaka chatha.

Ntchitoyi anaitola kwa apongozi awo. Anabwera mumzinda muno ali ndi zaka makumi awiri kuchokera kumudzi kwawo kufupi ndi Tulancingo, n'kuyamba kusenza matumba a anyezi pamsika. Pamene msana unkayamba kudandaula n'kuti atadziwana kale ndi Crisanta, mwana wa Don Hilarión, wa merenge wa nthawi imeneyo. Mkuluyo anaona kuti kuli bwino mkamwini asenze thireyi kusiyana n'kuti mwana wake adzasenze mwamuna. Anamuphunzitsa kumenya mazira mpaka mkono uchite dzanzi, kudutsa m'chigulu cha anthu osagwetsa kanthu, ndipo tsiku lomupatsa thireyi anamukoka khutu ngati mwana.

"Tamvera iwe. Khobidi likhale la wogula. Dzanja loponya likhale la wogula. Chako ndi pakamwa basi. Tsiku limene udzatulutse khobidi m'thumba mwako, udzakhala wakuba usanabe n'komwe."

Eleuterio anavomera monga amavomerera mkamwini, osafunsa chifukwa. Ndipo panalibenso chofunsira, pakuti masiku amenewo ndani ankayenda wopanda khobidi? Basi inkafuna makobidi, foni ya pamsewu makobidi, kandulo ya kutchalitchi makobidi. Munthu unkamumva ali patali, matumba akulira ngwerengwere.

Moyo wawo unayenda choncho, wosakwera wosatsika. M'mawa Doña Crisanta amamenya mazira, masiku ano ndi makina olira kuposa wailesi, zachikasu zamkati n'kugulitsa kwa wophika buledi wapafupi. Ana awiri anakulira pathireyi yomweyi. Wamwamuna anapita kumpoto ndipo amaimba foni pa Khirisimasi. Wamkazi, Araceli, amagwira ntchito pakauntala m'sitolo ya mankhwala, ndipo amabwera Lamlungu lililonse kudzawongola makolo ake. Ulendo wa Don Teyo umayambira pasukulu, kudzera pamsika, n'kukathera pageti la fakitale ya makatoni nthawi ya nkhomaliro, pamene amuna pafupifupi makumi atatu amatuluka kudzadya. Pagetipo ndiye panali pamtima pawo. Ena mwa amunawo anayamba kuponya nawo akadali ndi mamina, atagwira dzanja la abambo awo.

Nkhani ya makobidi inawapeza m'mawa wina akusanja merenge. Pawailesi pankakangana anthu atatu. Wina ankati kupanga khobidi kumadya ndalama zambiri kuposa khobidilo, ndiye lichoke. Mayi wina ankati nanga osauka. Wachitatu ankavomereza onse awiri. Asanamvane kunalowa nyimbo yotsatsa sopo.

"Crisanta, wamva? Akuti makobidi atha."

"Akuti ang'onoang'ono okha, mdala. Aja umangowataya m'chitiniwa."

"Ine ndamva kuti onse."

"Wamva ndi khutu liti? Lija linafa kalekale lija?"

Kunja nkhaniyo inali m'kamwam'kamwa, koma aliyense anali ndi yakeyake. Wometa tsitsi anati onse achoka pofika Disembala, wamva kwa msuweni wake amene amasesa ku maofesi aboma. Mayi wogulitsa chimanga chowiritsa anati ayamba kale kuwasungunula kuti apangire njanji. Woliza belu kutchalitchi anati ndi bodza lamkunkhuniza, Mulungu sangalole mbale ya chopereka izidutsa mwakachetechete. Don Teyo anaona kuti kandimverere anakanena za m'maluwa, choncho anavala shati yawo ya maliro ndi maukwati n'kupita okha kubanki. Anadikira ola lathunthu atagwira kapepala ka nambala.

"Pakadali pano makobidi akugwira ntchito, bambo," anatero mtsikana wa pawindo.

"Ndiye sachoka?"

"Zimenezo sindinganene."

"Ndiye achoka?"

"Zimenezonso sindinganene. Kodi muli ndi akaunti ndi ife?"

Anatuluka mutu utaima kuposa mmene analowera. Mawu oti "pakadali pano" anawatsata mpaka kunyumba, n'kukhala nawo patebulo.

Lamlungu Araceli anamvetsera zonsezo akudya, kenaka anapukuta pakamwa. "Bambo, achoke asachoke, anthu anawasiya kale. Kuntchito kwathu tsiku limatha ndisanagwire khobidi." Anatulutsa foni yake yakale m'chikwama, ndi kakhadi kokhala ndi timabokosi takuda ndi toyera, n'kukamangirira pathireyi ndi ulusi. "Munthu azingoloza foni yake apa. Yanuyi ikalira kuti ting, ndiye kuti mwalipidwa."

"Nanga poponya?"

"Kuponya chiyani?"

"Aziponya foniyo m'mwamba?"

Doña Crisanta anaseka mpaka kutsamwa. Don Teyo sanaseke, chifukwa iwo ankafunsadi.

Mwanayo pakamwa ali napo, koma sananame. Boma lisananene kanthu, makobidi anali atayamba kale kuchoka okha. Pageti paja malipiro ankalowera pakhadi, chakudya pakhadi, sitima yapansi pa nthaka pakhadi. Don Teyo akati "Tiponye?" amuna aja ankasisita matumba, kutsogolo, kumbuyo, n'kutambasula manja. Kuponya kunatsika kuchoka pa makumi awiri patsiku kufika pa kasanu, kenaka kawiri. Tsiku lina anabwerera kunyumba pakamwa pasanatuluke mphungu kapena dzuwa, ndipo anadziona ngati wapita kutchalitchi n'kupeza chitseko chokhoma.

Apa m'pamene analakwitsa, ndipo analakwitsa ataganiza bwinobwino, monga timachitira ambirife. M'dirowa ya Doña Crisanta, pakati pa mabatani ndi makiyi a maloko otayika, munali peso imodzi yakalekale, khobidi lalikulu lolemera la nthawi ya unyamata wawo, loti lero silingagule ndi machesi omwe. Don Teyo analitembenuzatembenuza. Apongozi analetsa khobidi la m'thumba chifukwa ndi ndalama. Koma ili linasiya kalekale kukhala ndalama. Chinthu choti sichigula kanthu chingabe bwanji? M'mawa umenewo nzeruyo inaoneka yowongoka ngati msewu.

"Bambo anga akanakhala moyo akanakukokanso khutu," anatero Doña Crisanta.

"Bambo ako sanaone foni."

Lolemba zinayenda bwino zedi. Amuna achikulire analandirana khobidilo akumwetulira, wina n'kunena kuti loterolo linkagula mkaka ndi buledi n'kutsalako. Anaponya, Don Teyo anapambana kwina n'kugonja kwina, ndipo anapita kunyumba akuimba mluzu. Lachiwiri ndi Lachitatu chimodzimodzi. Koma tsoka silinunkha. Lachinayi anatchula koyamba n'kulasa. Kachiwiri n'kulasa. Kachisanu anthu anakuwa. Kachisanu ndi chiwiri anatchula dala chimene sichinali pamtima kuti aphonye, n'kulasanso. Anafika kasanu ndi kanayi osaphonya ndi kamodzi komwe.

Katatu mwa kasanu ndi kanayiko wogonja anali Rigoberto Ocampo, woyendetsa kagalimoto konyamula makatoni, chimunthu cha mimba ndi mawu, amene bambo ake omwe anaponyapo ndi Don Teyo. Rigoberto anatola khobidilo pansi, analiyang'ana uku ndi uku, n'kuliyeza m'dzanja.

"Don Teyo, khobidi ili limakudziwanitu."

Anthu anaseka. Don Teyo anasekanso, mochedwa.

"Ndi la yani kodi?"

"Ndi langa."

"Eya. Ndimafuna ndimve zimenezo."

"Waponya wekha, Rigo! Dzanja ndi lako!"

"Ndaponya ndekha, inde. Koma lagona kwanu."

Kuseka kunatha. Palibe anatchula mawu oti kuba, ndipo bola akanawatchula, munthu akanakhala ndi choyankha. Rigoberto anaika khobidilo pathireyi mwaulemu, analoza foni yake pakakhadi kaja, n'kulowa m'geti.

Kuyambira Lachisanu amuna aja anasanduka aulemu, ulemu uja wopweteka. "Tiponye?" "Ayi, Don, ingotipatsani." Foni ting, munthu uyo wapita. Tsiku lina akupinda timiyendo ta thireyi anamva wantchito watsopano akufunsa mnzake kuti, "Kodi amdala a khobidi lamankhwala aja ndi amenewa?" Mnzakeyo anayankha kuti, "Malemu bambo anga ankanena kuti kwa amenewa sankapambana kawirikawiri." Pamenepo Don Teyo anazindikira kuti nkhaniyo sikudya Lachinayi lokha. Inkabwerera m'mbuyo, ikudya chaka ndi chaka, mpaka kwa anthu amene anagona kale kumanda. Zinawapweteka kwambiri, ndipo anayenda mtunda wonse wobwerera osafuula ndi kamodzi komwe.

Chosokoneza n'chakuti malonda anayamba kuyenda. Popanda kuponya panalibe wodya ulere, mzere unkatha msanga, thireyi inkauma belu lisanalire. Araceli anayang'ana m'foni muja Lamlungu n'kuomba m'manja. "Mwaona? Sindinanene ine?" Don Teyo ankalephera kumvetsa kuti munthu angalemere bwanji sabata yomweyo imene wasanduka wakuba.

Kenaka kukaika kunalowa m'nyumba mwawo momwe. Nanga ngati Rigoberto akunena zoona? Khobidi lakhala m'dirowa zaka makumi atatu, ndani akudziwa zimene linaphunzira kumeneko? Masana ena anakhala patebulo n'kuyamba kuliponya, Doña Crisanta akuika nyemba, mulu wa mphungu uku, wa dzuwa uku. Mphungu inatsogola, dzuwa linaipeza, dzuwa linatsogola, mphungu n'kudutsanso.

"Komatu iwe umakonda kutchula mphungu," anatero mayiwo.

"Ndi imene imabwera pakamwa."

"Ndipo apa mphungu yachuluka ndi nyemba zinayi."

"Ndiye ndi lokhota?"

"Ine ndanena za nyemba. Bweretsa ndikaphike."

Anapita nalo kwa wokonza mawotchi wa pamsika. Uyo anavala galasi lake la diso limodzi, analiika pasikelo, analigogoda pathabwa n'kumvetsera.

"Ndi khobidi," anatero.

"Lowongoka?"

"Lakalamba, Don Teyo. Tonsefe tikakalamba timapendekera kwinakwake."

Ndi yankho limenelo munthu ungapite nalo kuti? Don Teyo analibwezera m'dirowa, pansi penipeni, n'kuganiza njira ina. Ngati vuto ndi lakuti amuna aja alibe makobidi, ndiye awapezere. Anapita kwa mayi wolondera chimbudzi cha pamsika, amene ndi yekhayo m'dera lathu amalandirabe makobidi tsiku lonse, n'kusinthitsa ndalama zapepala ndi kathumba ka makobidi a mapeso khumi, aja ali ndi dzuwa lenileni pakati. Anafika pageti akulemedwa mbali imodzi.

"Nawa, anyamata. Aliyense agule lake pafoni, kenaka tiponye. Atsopano, aboma, palibe lakale apa."

Rigoberto anasuzumira m'kathumbamo. "Achokera kuti?"

"Kwa mayi wa kuchimbudzi."

"Afika bwanji pano?"

"M'thumba mwanga, nanga akanauluka?"

"Ndiye ndi anu."

"Ukagula ndi lako!"

"Likhala langa liti, Don? Pompano? Likagona kwathu? Pakatha sabata?"

Rigoberto sankanyoza, ankafunsadi. Don Teyo anabwerera nako kathumba kaja kakuwamenya m'ntchafu. Njira yonse ankalimbana ndi funsolo. Kale khobidi linkachoka kwa kondakitala kupita kwa wophika buledi, kwa wopemphetsa, kwa wansembe, mpaka pofika m'thumba mwako linali litaiwala eni ake onse. N'chifukwa chake linkatha kuweruza pakati pa anthu awiri, linalibe mbale wake. Tsopano makobidi akasiya kuyenda, lililonse likhala ndi kwawo. Ndiye woweruza achokera kuti? Anafika pakhomo asanapeze yankho, ndipo Doña Crisanta anawakalipira chifukwa anaiwala kugula mazira.

Anapirira sabata ina imodzi, kenaka zinawakwana. Lachinayi anaimika thireyi yodzaza pageti, anachotsa nsalu yovundikira, n'kudikira mpaka onse atatuluka.

"Lero sindigulitsa," anatero. "Thireyi yonseyi, kuponya kumodzi. Khobidi lanu, dzanja lanu. Ndikaphonya mudya nonse ulere. Ndikalasa mulipira kawiri, ndipo nkhani mukundinenayi ithere pano."

Amuna makumi atatu anayamba kudzipapasa. Panatuluka makiyi, batani, kawashala, chingamu, kamendulo ka woyera mtima, ndi dzino la mwana lokulunga m'pepala. Wina anathamangira kukafufuza m'jekete yake mkati n'kubwerako chimanjamanja. Khobidi ndi limodzi lomwe panalibe.

"Dikirani," anatero Rigoberto. "M'foni muno muli kanthu koponya khobidi. Foni ndi yanga, chala ndi changa. Mukuti bwanji, Don?"

Onse anavomera m'malo mwawo. Anaunjikana, Rigoberto anakweza foni, ndipo pagalasi panaoneka chithunzi cha khobidi. Atangodina, chinayamba kuzungulira. Chikuzungulira choncho m'pamene Don Teyo anaona dzenje limene anadzikumbira. Akaphonya apa, aliyense anena kuti mwaona, likakhala si lawo amagonja. Zaka makumi anayi ndi ziwiri zinali pakamwa pawo.

"Tchulani, Don!"

"Dzuwa."

Chithunzi chinaima. Dzuwa.

Pageti panaphulika phokoso. Ena ankawamenya pamsana, ena ankaseka Rigoberto. Rigobertoyo, kunena zoona, ndi mwamuna. Anavula kapu yake pamaso pa onse n'kunena mokweza kuti, "Amdala awa ndi amwayi chabe, anthuni. Ndinalakwa ine. Pepani, Don Teyo."

Mawu amene anawadikira masabata atatu anali amenewo. Koma Don Teyo ankayang'ana pansi, pasimenti, uku ndi uku.

"Lagwera pati?"

"Chiyani, Don?"

"Khobidilo. Sindinalimve likugwa."

"Siligwa ayi. Limangozungulira m'katimu n'kuima."

"Amaliimitsa ndani?"

Rigoberto anatembenuza foni n'kuyang'ana kumbuyo kwake. "Kaya. Limaima lokha."

"Ndiye sitinaponye."

"Mwapambanatu, mdala!"

"Sindinapambane."

"Ine ndagonja! Ndavomera pagulu!"

"Sunagonje. Ungagonje bwanji chinthu sichinachoke m'manja mwako?"

Ku Tacuba taonapo mikangano yambiri ya juga, ina mpaka mipeni, koma uwu unali woyamba woti wogonja akuumirira kuti wagonja, wopambana akukana kwamtuwagalu. Don Teyo ankadziwa bwino lomwe kuti akutaya chimene anadzera, ndipo mumtima ankadzitukwana. Koma sakanatha kulandira dzina lawo kuchokera kwa mboni yoti palibe anaiona nkhope. Lero yawakomera. Tsiku lina ikadzawatembenukira, adzaitola pansi n'kuiyeza m'dzanja ngati mmene Rigoberto anachitira ndi khobidi lawo?

"Tengani mudye," anatero. "Osalipira. Palibe wapambana."

Amunawo anatenga merenge, koma poti anagonja, aliyense polowa ankaloza foni yake pakakhadi kaja. M'thumba la shati ya Don Teyo munayamba kulira. Ting. Ting. Ting.

"Lekani! Ndati osalipira! Bwezani!"

Anaphimba kakhadiko ndi chikhatho, wina n'kukhala ataloza kale. Anagwira thumba la shati ngati akutseka bala. Ndalama ya m'manja umatha kuikankha, kapena kumubwezera mwini wake m'thumba mokakamiza, koma iyi inkangolowa osaodira. Belu litalira pageti panatsala thireyi yopanda kanthu, Don Teyo, ndi Rigoberto amene anaima merenge akumusungunukira m'dzanja.

"Inu ndinu munthu wovuta, Don Teyo."

Don Teyo anayamba kupinda nsalu.

"Mawa ndibwera nalo langa," anatero Rigoberto. "Khobidi. Lenileni."

"Ulitenga kuti?"

Rigoberto anaganiza, anasisitanso thumba mwachizolowezi, n'kukanda m'mutu. "Kaya. Ndiona."

Kunyumba Doña Crisanta anaona thireyi youma ndi nkhope yakugwa, n'kulephera kuzilumikiza.

"Zatha bwanji?"

"Akuti ndapambana."

"Nanga nkhopeyo?"

"Sindikudziwa ngati ndapambana."

"Mayo ine. Akunenabe kuti ndiwe wakuba?"

"Asiya. Koma ine ndawauza kuti asasiye kaye."

Mayiwo anawagwira pachipumi kuti amve ngati thupi latentha.

Lachisanu anafika pageti mofulumira, osadziwa ngati akubwera ngati wolungama, wakuba, kapena wamisala. Belu linalira, koma amuna aja sanabalalike monga mwa masiku onse. Anatuluka pamodzi, Rigoberto ali patsogolo, chibakera atachikweza pachifuwa ngati wanyamula dzira. Atafika pathireyi anatambasula dzanja. Munali khobidi la mapeso khumi, lakuda m'mbali, lomata phula la kandulo.

"Dzulo ndinakwera mabasi awiri kupita kwa amayi," anatero. "Lachokera m'chitini chawo chogulira makandulo a woyera mtima wawo. Inu simunaligwirepo, ine ndangolinyamula. Tiponye?"

Don Teyo anavomera ndi mutu. Chala chachikulu cha Rigoberto chinagunda, khobidi linakwera likung'anima, mitu makumi atatu inapenya kumwamba.

"Mphungu!"

Ngwee pasimenti. Linagudubuzika pang'ono, linagwedera, n'kugona. Onse anawerama, mitu kugundana. Dzuwa.

"Ndaphonya," anatero Don Teyo. "Ndaphonya, anthuni! Mwaona nonse?" Anasankha merenge wamkulu kuposa onse n'kumupereka kwa Rigoberto ndi manja awiri, misozi ikutsika osaibisa. Chiyambire kusenza thireyi anali asanakondwerepo choncho.

"Rigo, ndibwerekeko!" anafuula wina. "Kenaka ine!" anatero winanso, ndipo mzere unapangika kumbuyo kwa khobidi limodzi. Don Teyo anayamba kudzifunsa ngati khobidi lobwereka lingatchedwe la wogula, koma anaona kuti funso limenelo liwapha, n'kulisiya.

"Fulumirani, ndipo wina asaligwetsere m'ngalande," anatero Rigoberto, shuga ali m'ndevu. "Ndalumbira kuti ndikalibweza madzulo ano. Amayi ali nalo limodzi lomweli."

Don Teyo ankafuna kufunsa ngati mayiwo angadzalibwereketsenso Lolemba. Koma khobidi linali kale m'mwamba, ndipo anayenera kutchula.